Nkhwangwa Isalowe Kumanda

Ana anga, tsiku lina mukadzakwera basi kuchoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza, kapena kutsata msewu wa ku Mchinji, musadzagone, ndipo foni mudzaiike kaye m'thumba. Mudzayang'ane pawindo. M'chilimwe anthu atakolola, dziko lonse limakhala mbee: mizere, mapesi, fumbi, mango apa ndi apo, bulugamu m'mbali mwa sukulu. Koma pakati pa mindayo mudzaona timagulu ta mitengo yothithikana, yaitali kuposa ina yonse, kena apa, kena uko patsidya pa dambo. Amenewo ndi manda. Mudzi uliwonse uli ndi ake, moti mukawerenga timisituto ndiye kuti mwawerenga midzi.

Mitengo imeneyo palibe amene anaibzala. Ndi yotsala. Mmene mukuonera kumandako ndi mmene linalili dziko lathu lino lisanatsegulidwe: tsamba, mombo, msuku, muwanga, mlombwa, thombozi, muula, ndipo cha kumadambo katope ndi mkuyu. Pa kalembera wa 1966 m'Malawi munali anthu 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka tili 17.5 miliyoni. Pakamwa paliponse pafuna nsima, nsima ifuna munda ndi nkhuni, fodya afuna chigafa, nyumba ifuna njerwa zootcha, tauni ifuna makala. Sindikudzudzula munthu wolima kuti ana ake adye. Ndikunena kuti nkhwangwa inayenda ponseponse, koma itafika pamalire a manda inaima. Ku Dzalanyama, nkhalango ya boma kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, anachita kutumizako asilikali mu 2015 kuti akaletse ootcha makala. Kumanda kwanu sikunapiteko msilikali ndi mmodzi yemwe, kulibe waya, kulibe mlonda wolandira pamwezi, koma mitengo ilipo mpaka lero.

Chinaisunga ndi mwambo. Kumanda sikunali kolowa wamba. Munthu akamwalira, amfumu ndiwo amapereka mawu, adzukulu n'kupita kukakumba, ndipo mtengo umagwa pokhapokha ngati waima pamene pakumbidwe kapena ukufunika pamaliro pomwepo. Mayi sankatola nkhuni kumeneko ngakhale nthambi zouma zili mbwee. Mwana sankatola masuku a kumanda. Mlenje akathamangitsa gwape, gwapeyo n'kulowa m'menemo, amaitana agalu ake n'kubwerera. Wopezeka akudula mtengo mwakuba amalipa nkhuku kapena mbuzi pabwalo, ndipo manyazi ake amaposa mbuziyo. M'midzi ya mzinda, kumene kuli dambwe, lamulo linali lolimba koposa. Za kumeneko sindinena pano, eni ake akuzidziwa.

Tinkaopa, n'zoona, ndipo mantha amenewo anagwira ntchito yaikulu. Koma ndikuona kuti mwa inu akutha. Mwapita kusukulu, ena muli m'mipingo yosagwirizana ndi za makolo, ena mwakhala ku Johannesburg zaka zambiri ndipo mwabwera ndi maganizo ena. Sindikukuuzani kuti muyambirenso kunjenjemera mukamadutsa pafupi ndi manda madzulo. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mantha akachoka popanda china cholowa m'malo mwake, chotsatira ndi nkhwangwa. Cholowa m'malocho chiyenera kukhala kudziwa zimene zimakhala m'msitumo ndi ntchito imene zimakugwirirani. Munthu wodziwa amasunga chinthu ngakhale sakuchiopa.

Ndiyambe ndi kadzidzi, popeza ndiye amene mumamuda kwambiri. Akalira padenga usiku mumati kugwa maliro, mwina wina n'kutuluka ndi chikuni cha moto kukamuponyera. Kadzidzi amabwera padenga panu chifukwa pankhokwe panu pali makoswe. Banja limodzi la akadzidzi likamalera ana limatha makoswe ndi mbewa zoposa 1,000 pachaka, ndipo silikupemphani ndalama yogulira mankhwala. Masana amagona m'mphako, ndipo mphako sipezeka m'mtengo wa zaka khumi. Imafuna mtengo wokalamba, umene nthambi yake inathyoka kalekale, madzi n'kumalowa, mkati n'kufumbwa pang'onopang'ono. Mitengo yotere m'minda mwathu inatha. Ndiye mukaona kadzidzi akuchokera kumanda, musamuyese wa afiti: kwina konse nyumba yake inagwetsedwa, kwatsala kokhako.

M'mphako zomwezo ndi mmene mumagona changa, gologolo ndi gogomole, ndipo ndi mmene njuchi zimamanga zisa. Njuchizo muziziganizira mukamadya maungu. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi pamtsitsi umodzi, ndipo kachilombo kakapanda kunyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake, kadzungu kamafota n'kugwa kakadali kakang'ono. Mpendadzuwa nawo umadzaza bwino njere pamene pali njuchi. Mlimi wa munda woyandikana ndi manda amakolola thukuta la tizilombo timene sanatiwete, ndipo nthawi zambiri sadziwa n'komwe.

Mileme ndi ina imene mumainyansidwa nayo. Ilipo ya magulu awiri. Ing'onoing'ono ija imene imazungulira dzuwa likangolowa imadya tizilombo touluka, kuphatikizapo udzudzu ndi agulugufe a usiku amene amaikira mazira a mbozi m'chimanga. Ikuluikulu imadya zipatso, ndipo imeneyi ndiyo imabzala nkhalango. Mleme umathyola suku, n'kuuluka nalo kukadyera pamtengo wina, njere n'kugwera kumeneko. Umadya nkhuyu, tinjere take n'kukatuluka ndi ndowe kutali. Maluwa a mvunguti ndi a mlambe amatseguka madzulo, ndipo alendo ake ndi a usiku, makamaka milemeyo. Ku Kasanka m'dziko la Zambia, chaka chilichonse kuyambira kumapeto kwa Okotobala mpaka Disembala, mileme mamiliyoni ambiri imasonkhana m'kamsitu kamodzi kakang'ono, usiku n'kumabalalika kukadya masuku ndi zipatso zina m'nkhalango zozungulira. Alendo amachoka maiko akutali kudzaona zimenezo. Ndakuuzani za kumeneko kuti musapeputse msitu chifukwa cha kuchepa kwake. Kamsitu ka maekala awiri kangakhale pogona pa zamoyo zimene zimatumikira dera lonse.

Mkuyu ndi kachere ndizikambe pazokha, chifukwa mtengo umodzi wa mtundu umenewu umadyetsa khamu. Nkhuyu zikapsa mudzapezapo pumbwa, njiwa, nkhulukulu, apusi ngati akadalipo, mileme usiku, ndipo pansi fungwe ndi gwape zikutola zakugwa. Makolo anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo anaona bwino kuti m'nkhuyu simusowa tizilombo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti tina mwa tizilomboto ndito timabereketsa mtengowo. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa nkhuyu momwemo. Kamavu kakang'ono kwambiri kamalowa pakabowo ka kunsonga katanyamula mungu wochokera ku mkuyu wina, kamaikira mazira, ana ake n'kudzatuluka atanyamulanso mungu kupita kwina. Kamavuko sikakhala moyo masiku ambiri, ndiye kakatuluka kayenera kupeza mkuyu wina umene nkhuyu zake zili zanthete. Mukagwetsa mikuyu ya m'dera lonse n'kusiya umodzi, mwavutitsa kamavuko, ndipo mwavutitsa ndi mtengo wotsalawo.

Tsopano yang'anani pansi. M'munda mwanu mwezi wa Okotobala nthaka imawotcha mapazi, koma kumanda mukafukula masamba ndi dzanja mupeza chinyontho, dothi lakuda, abongololo, nyongolotsi, chiswe chikugaya nthambi zakugwa. Mvula ikagwa pamenepo madzi sathamanga. Amalowa pansi, ndipo ena mwa iwo ndi amene mumadzawatunga pachitsime cha kudambo. Bowa amene amayi anu amamukonda, manyame, ndelema ndi chipindi, samera paliponse. Ulusi wake umalukana ndi mizu ya msuku, mombo ndi tsamba: bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi chakudya cha m'nthaka, mtengo n'kumamudyetsa bowayo. Mitengo imeneyi ikachoka, bowa uja amachoka nayo, ndipo simungamubweze ndi feteleza. N'chimodzimodzi matondo ndi mphalabungu, zimene zimadya masamba a mitengo yachilengedwe. Agogo anu aakazi akamadandaula kuti ndiwo za kutchire zinasowa, akunena za mitengo.

Pansi pomwepo pamayenda fulu, nanzikambe, likongwe, nkhwali ndi ana ake, ndipo m'manda ena aakulu mukadali nsato. Za njoka ndinene mosabisa: mphiri ndi mamba zimapha, ndipo wolumidwa athamangitsireni kuchipatala, osataya nthawi ndi kutema mphini. Koma njoka imene ili kwawo kumanda, yosalowa m'nyumba ya munthu, ilekeni. Ikudya mbewa zimene zikanadya mtedza wanu. Makolo sankapha njoka ya kumanda chifukwa ankati mwina ndi mzimu wa kholo ukuyendera ana ake, ndipo kaya inu mukhulupirira zimenezo kaya ayi, phindu la lamulolo linali loona. Mukadzakhala ndi mwayi woona ngaka, dziwani kuti mwaona nyama imene yatsala pang'ono kutha. Kale wopeza ngaka amakaipereka kwa mfumu. Lero pali anthu oyenda m'midzi kunyengerera anyamata ndi ndalama kuti awapezere. Lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa mlandu wotere. Wokutumaniyo adzakhala ali kwawo, inu muli kundende.

Makolo athu sanalekanitse anthu, nyama ndi mizimu monga mmene tikuchitira ife. Nthano ya ku Kaphirintiwa imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, mbuzi ndi galu n'kuthawira kwa munthu, nanzikambe n'kukwera mumtengo, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Taonani kuti m'nthano imeneyi chimene chinasokoneza dziko ndi moto wa kutchire. Ndipo pamaliro kapena pachinamwali, zilombo zikamatuluka kubwera pabwalo, kasiyamaliro, njovu, chimkoko, zimachokera kumsitu, n'kudzakhala pamodzi ndi anthu kanthawi, kenaka n'kubwerera. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti magule amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Inu anyamata a kudambwe amene mumanyadira zimenezi, ndikufunseni: msitu ukatha, dambwe lidzakhala pati? Pamtetete, ana akuona?

Kumwera, ku Nsanje, kuli msitu wa Khulubvi kumene kuli kachisi wa Mbona. Chigwa chonse chozungulira chinalimidwa, koma m'menemo mtengo sudulidwa, ndipo wolowamo amavula nsapato. Inu a mpingo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya achikunja okha. Kumpoto kwa Ethiopia, m'madera ozungulira nyanja ya Tana, dziko linalimidwa mpaka mbee ngati kwathu kuno, koma matchalitchi akale a mpingo wa Orthodox azunguliridwa ndi timisitu ta mitengo yachilengedwe, ndipo m'menemo ndi mmene Akhristu a kumeneko amaika akufa awo. Katswiri wa zankhalango wa komweko, Alemayehu Wassie, ataona kuti ng'ombe ndi makasu zikudya timisituto m'mphepete, anagwirizana ndi ansembe kuti azimanga mipanda ya miyala kuzungulira. Anthu amene amapemphera mosiyana kwambiri ndi makolo athu anafika pa nzeru imodzimodzi, yakuti pogona akufa mtengo usiyidwe. Manda a mpingo wanu, ngakhale a Asilamu anzathu, angathe kusunga zamoyo chimodzimodzi ngati eni ake afuna.

Msitu wa kumanda sufa tsiku limodzi, n'chifukwa chake anthu sazindikira kuti ukufa. Mwini munda wa m'malire amawonjezera mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, n'kusadza nthambi zimene zikuchita mthunzi pa chimanga chake. Zikatha zaka 20 manda abwerera m'kati mayadi ambiri, ndipo palibe tsiku limene munthu angaloze kuti kunalakwika. Mbuzi zimalowa m'chilimwe n'kudya kamtengo kalikonse kongomera. Anyamata osaka mbewa amayatsa mapesi mu Seputembala kapena Okotobala, mphepo n'kuutengera motowo kumanda, udzu uli gwaa. Mitengo ikuluikulu imapirira, koma ing'onoing'ono imapsa, masamba a pansi aja amasanduka phulusa, fulu ndi nanzikambe zimene sizitha kuthamanga zimafera pomwepo. Mukadzalowa kumanda pamaliro, mudzachite ichi: mudzawerenge mitengo yofika m'chiuno ndi yofika pamutu panu. Mukadzapeza ikuluikulu yokhayokha, pansi pali see, dziwani kuti msituwo ndi wa nkhalamba zopanda ana. Ukuoneka wamoyo, koma ikadzagwa imeneyo kudzakhala kutha kwake.

Pali chinthu china chimene ndichinene mosamala, chifukwa chimachokera m'chikondi. Mwana akapeza ntchito amafuna kulemekeza make kapena bambo wake ndi chiliza, ndipo ndi mtima wabwino. Koma taonani mmene zikuchitikira masiku ano. Chiliza chimodzi chikutenga malo a mitumbira itatu, pansi ponse simenti ndi matailosi, kuzungulira khoma la njerwa zimene zinapsa ndi mitengo ya kwina. Womanga akapeza muzu amaudula, akaona mtengo wapafupi amati udzang'amba chiliza, ugwe. Banja lina likaona limafuna kuposa pamenepo. Manda a m'tauni, monga a ku Area 18 ku Lilongwe, ali ndi chifukwa chokhalira m'mizere yothinana, pakuti malo ndi ochepa ndipo anthu ndi ambiri. Koma kumudzi tikutengera maonekedwe amenewo popanda chotikakamiza. Mwala waung'ono wolembedwa dzina ndi zaka umakwanira kuti mdzukulu adzadziwe pamene pagona agogo ake. Ndalama yotsalayo mulipirire mwana wamasiye sukulu. Malemuwo akanasankha zimenezo. Ndiponso nkhata za maluwa a pulasitiki zimene timaunjika pamtumbira siziola. Zimauluka ndi mphepo, mbuzi n'kumadya, zina n'kutsalira m'nthaka zaka zosawerengeka. Maluwa a m'munda ndi masamba obiriwira amagwira ntchito yomweyo ndipo amabwerera kudothi.

Kulambula kumanda nako kuli ndi malire. Mabanja amapita kukasesa asanaumbe chiliza, Akatolika amapita pa 2 Novembala kukapempherera akufa awo, ndipo zonsezo n'zoyenera. Lambulani pamtumbira ndi kanjira kofikirapo. Koma kupala manda onse mpaka dothi kuoneka, kuunjika masamba n'kuyatsa, kuzula kamtengo kalikonse poti ndi tchire, kumeneko ndi kuvula nthaka. Mtengo wouma umene sukuopseza kugwera anthu usiyeni uime. Gogomole ndi njuchi akuufuna. Chipika chogwa chisiyeni chiole pomwepo.

Choopsa kuposa zonse ndi ndalama. Mlombwa ndi mbawa zatha m'minda, ndiye ocheka matabwa maso awo ali kumanda. Amabwera ndi mawu okoma: mtengowu wakalamba, udzagwera ziliza, tigulitseni mugule mapoto ndi mapulasitiki a pamaliro. Nthawi zina wovomera ndi nyakwawa imene, ndipo ndikunena izi ndi ulemu wonse kwa mafumu, pakuti ambiri akusunga bwino manda awo. Koma amene amagwira sowo ndi kusenza matabwa ndinu anyamata, pa ganyu wa tsiku limodzi. Muwanga umene mungaugwetse m'mawa umodzi unayamba kumera agogo a agogo anu asanabadwe, ndipo ndalama yake sifika mwezi. Mfumu ndi msungi wa manda. Eni ake ndi amene agonamo, inu amene mudzagonemo, ndi ana anu. Mukamva kuti mtengo wa kumanda ukugulitsidwa, musachite chipongwe kapena chiwawa. Pitani kwa eni mbumba, nkhaniyo ikafike pabwalo, ikakanika ipite kwa a gulupu. Lamulo la nkhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndiponso limapatsa mudzi mphamvu yopatula nkhalango yake ndi kusankha komiti yoiyang'anira. Alangizi a zankhalango alipo m'maboma onse. Mphamvu zimenezi zili m'manja mwanu kale.

Wina adzati tidule yakaleyi tibzale bulugamu kapena malayina, imakula msanga. Bulugamu ali ndi ntchito yake, ndipo ndikufuna aliyense wa inu akhale ndi kamunda kake ka milimo ndi nkhuni kuti asasirire za kumanda. Koma bulugamu kwawo ndi ku Australia, malayina kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Matondo sadya masamba ake, mwana satolapo chipatso, ndipo pansi pa bulugamu wothithikana simumera zambiri. Mitengo 100 ya mtundu umodzi siilowa m'malo mwa mitundu 30 imene inakulira pamodzi ndi mbalame, bowa ndi tizilombo ta dziko lino. Chenjeraninso ndi lantana, chitsamba chaminga chija cha timaluwa tamitundumitundu chimene mbalame zimafalitsa. Chikalowa pamene mtengo wagwa chimatseka ponse, kamtengo kachilengedwe osapezanso dzuwa. Chimenecho ndicho muzizula ndi mizu yomwe.

Tsono kusunga kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kamsitu kokhala pakokha pakati pa minda kamafooka. Msuku uli ndi mtengo waumuna ndi waukazi, ndipo ukatsala umodzi subala. Tsamba ndi mombo zimafalitsa njere ndi kuphulika kwa zikhokhombe zake dzuwa likatentha, ndipo njerezo zimagwa mayadi owerengeka chabe kuchoka patsinde. Sizingawoloke minda kukafika kumanda a mudzi wina. Changa ndi gologolo sayenda pamtetete. Manda ndi nkhokwe ya mbewu ya mudzi, ndipo mbewu yongokhala m'nkhokwe osabzalidwa imafumbwa. Mitengo ya kumanda iyenera kutuluka, ikamere m'malire a minda, m'mbali mwa mitsinje, pasukulu, patchalitchi ndi pamzikiti, kuti mbalame youluka kuchoka kumanda kwanu ipeze potera isanafike kumanda a mudzi winawo.

Kutenga mbewuyo kuli ndi njira yake. Musalowe nokha, musalowe madzulo, ndipo musatenge dothi la kumanda. Mukudziwa zimene anthu amaganiza akaona munthu akuzungulira kumanda yekha, ndipo ali ndi chifukwa, pakuti m'zaka zapitazi anthu oipa mtima akhala akufukula manda a abale athu achialubino. Pitani kwa amfumu masana, nenani chimene mukufuna, akupatseni adzukulu okuperekezani. Njere zambiri mudzazipeza m'mphepete, kunja kwa mitumbira. Za msuku zibzaleni zikadali zaziwisi, masiku omwewo, chifukwa zikauma zimafa, ndipo m'machubu musakanizemo dothi lotapa pansi pa msuku wa kutchire kapena wa kumunda, kuti mbande ipeze bowa uja wogwirizana ndi mizu yake. Za mbawa zili ndi phiko, zimagwa chibalobalo chikang'ambika, ndipo zimamera mosavuta zikakhala zatsopano. Kachere ndi mkuyu mungodula nthambi yokhwima n'kuzika mvula ikayandikira. Mlombwa ndiye wofuna mtima wautali. Kamtengo kake kamamera, chilimwe n'kuuma kumtunda, mvula ikagwa n'kuphukanso, n'kuumanso, kwa zaka zingapo. Osadziwa amati kafa n'kulimapo. Sikanafe: kakukulitsa muzu pansi, ndipo chaka chake chikakwana kamakwera kamodzin'kamodzi. Ikanipo chikhomo kuti khasu lisakapeze.

Njira yachangu kuposa zonsezi ndi zitsa. M'minda yozungulira manda muli zitsa zamoyo zimene zimaphuka chaka chilichonse, inu n'kumasadza mphukira zake pososa. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa chilichonse, zinazo muchotse. Popeza muzu ndi wakale ndipo unazama kale, zimakula msanga kuposa mbande ya kunazale, ndipo sizifuna kuthirira.

Chomaliza ndi maina. M'mudzi mwanu mukadali agogo awiri kapena atatu amene angaime patsinde n'kukuuzani kuti uwu ndi mkalati, uwu ndi muwawani ndipo khungwa lake limachiza chakuti, uwu ndi mpoza, uwu ndi mthudza, uwu suyenera kusonkhezedwa pamoto. Amenewa akapita, mitengo idzatsala yopanda maina, ndipo chinthu chimene munthu sachidziwa dzina sachimvera chisoni chikamagwa. Muli ndi makope, muli ndi mafoni ojambula. Khalani nawo pansi, lembani dzina, ntchito yake, mwezi umene umachita maluwa ndi umene njere zake zimakhwima. Asing'anga akamasenda khungwa muwapemphe asende mbali imodzi, osazunguliza tsinde, pakuti mtengo wosendedwa kuzungulira umauma.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma ntchito ya kumanda imayamba kale isanafike nthawi imeneyo. Mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, sonkhanani anyamata ndi atsikana a m'mudzi, pemphani mawu kwa amfumu, mulambule mkuzi wotchinga moto kuzungulira manda onse. Pomwepo muyende malire pamodzi ndi eni minda yoyandikana, muzike khonje kapena nkhadze kuti mzere wa chaka chino ukhale womaliza ndipo mbuzi zisalowe. Malegeni ndi agalu zitsale kunyumba. Musadikire bungwe lobwera ndi galimoto ndi ndalama za msonkhano. Ntchitoyi ifuna makasu, zikwanje ndi masiku awiri. Pitani kwa amfumu sabata ino, mukapemphe tsiku.